Guluu womatira zilonda ndi agalu amene anayamba kumuyesera

M'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, katswiri wa sayansi wa ku America, Harry Coover, ankafunafuna pulasitiki woonekera ngati galasi woti aziika pa mfuti kuti asilikali azichalira bwino. Mwa mankhwala amene gulu lake linayesa munali ena otchedwa cyanoacrylate. Anawasiya msanga chifukwa ankakakamira pa chilichonse chimene akhudza. Mu 1951, Coover akugwira ntchito ku kampani ya Eastman Kodak mumzinda wa Kingsport, mnzake Fred Joyner anapaka mankhwala omwewo pakati pa magalasi awiri a chipangizo choyezera zinthu, ndipo magalasiwo sanamatukenso. Chipangizo chinawonongeka, koma Coover anazindikira kuti atola chinthu chamalonda. Mu 1958 guluuyo anayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Eastman 910. Ameneyu ndiye kholo la supa guluu wa m'maokala ndi m'magolosale.

Guluu wa mtundu umenewu amalimba akakumana ndi chinyezi, n'chifukwa chake amamata zala msanga kuposa mmene amamatira nsapato. Madokotala ochita maopaleshoni sanachedwe kuganiza kuti chilonda nacho chimakhala chonyowa. Ngati dontho limodzi lingagwire m'masekondi ochepa, singano ndi ulusi n'zachiyani?

Yankho anakalifuna pa agalu. M'zaka za m'ma 1960, galu ndiye anali nyama imene madokotala ankayeserapo njira zatsopano za opaleshoni, popeza mitsempha yake ya magazi ndi ziwalo zake ndi zazikulu bwino moti dokotala amatha kuzigwira ngati za munthu. Ofufuza ankadula mitsempha, matumbo, chiwindi ndi impso za agalu ogonetsedwa, n'kuzimata ndi guluu. Tsiku loyamba zonse zinkaoneka ngati zatheka, magazi ankasiya kutuluka nthawi yomweyo. Koma akatsegulanso agaluwo patapita masabata angapo, ankapeza zina: malo omatidwawo atatupa, minofu yozungulira itafa, ndipo mitsempha ina itatsekeka ndi magazi oundana kapena itafooka n'kufufuma. Mabuku ambiri ofotokoza mbiri ya guluuyu amatchula agalu amenewa mongodutsa, chonsecho matupi awo ndiwo anaulula vuto lisanafike pa anthu ambiri.

Vutolo linali la mapangidwe. Guluu woyambayo, wa mtundu wa methyl, amasungunuka msanga m'thupi, ndipo posungunukapo amatulutsa formaldehyde, mankhwala omwe aja amene ali mu fomalini wosungira mitembo. Komanso pouma amatentha. Ofufuza anaona kuti akasintha mapangidwe ake n'kukhala mtundu wa butyl kapena octyl, amasungunuka pang'onopang'ono moti thupi limakwanitsa kuchotsa poizoniyo asanachuluke. Wa octyl ali ndi ubwino wina, sachita gwa ngati wa butyl, choncho sathetheka msanga khungu likamapindika.

Nkhondo inafulumizitsanso zinthu. Kuyambira 1966, madokotala a asilikali a America ku Vietnam ankapopera guluu wotere pa ziwalo zovulala ngati chiwindi pofuna kuletsa magazi pamene njira zina zakanika. Ku Germany, kampani ya B. Braun inatulutsa Histoacryl, guluu wa butyl, mu 1968, ndipo mayiko a ku Ulaya anayamba kumugwiritsa ntchito. Ku America komweko bungwe la FDA linazengereza mpaka 1998 pamene linavomereza Dermabond, wa octyl, kuti azimatira khungu la anthu. Madokotala a ziweto anali atayamba kale. Guluu wawo wodziwika kwambiri, Vetbond wa kampani ya 3M, ndi wa butyl, ndipo anamuthira utoto wabuluu kuti dokotala aziona pamene wadontheza.

Palinso guluu wina wochokera m'magazi enieni. Mu 1940, John Zachary Young ndi Peter Medawar ku Oxford analumikiza minyewa yoduka ya nyama pogwiritsa ntchito fibrin, zinthu zimene zimaundanitsa magazi. Njirayi inadzakhwima ku Vienna m'zaka za m'ma 1970. Guluu wa fibrin sawononga minofu ndipo thupi limamusungunula lokha, koma ndi wodula ndiponso alibe mphamvu zambiri, choncho si wofala m'zipatala za ziweto.

Madokotala a agalu anakonda guluu pa chifukwa chimene aliyense woweta galu amachidziwa. Galu samva malangizo. Amanyambita chilonda, amaluma ulusi, ndipo akhoza kusolola zosoka zonse usiku umodzi. Ulusi wa pakhungu umafunika kuchotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, zomwe zimafuna kuti mwini galu abwerenso naye, ndipo ambiri sabwera. Guluu amasenda yekha pakatha masiku 5 mpaka 10, sasiya timfundo toti galu aziluma, ndiponso amatchinga dothi kuti lisalowe.

Apa ndi pamene pamafunika kumvetsa mmene chilonda chimapolera. Masiku oyambirira thupi limakhala likuyeretsa malo ovulalawo, ndipo milomo ya chilonda imakhala isanagwirane kwenikweni. Kuyambira cha patsiku lachinayi kapena lachisanu m'pamene timaselo timayamba kuluka collagen, timaulusi tolimbitsa khungu. Kulimbako kumapitirira kwa miyezi, ndipo chipsera sichifika pa mphamvu zonse za khungu labwino, chimathera pafupifupi pa 80 peresenti. Choncho sabata yoyamba chimene chagwira chilonda ndi ulusi kapena guluu basi. Guluu amagwira pamwamba pokha. Pochotsa chiberekero cha galu wamkazi, dokotala amasoka kaye minofu ya pamimba, kenako mafuta a pansi pa khungu, ndi ulusi wosungunuka wokha. Guluu amabwera pomaliza, khungu litakumanitsidwa kale ndi kupukutidwa. Akalowa mkati mwa chilonda amakhala ngati khoma pakati pa mbali ziwiri zimene zimafunika kulumikizana, thupi limalimbana naye ngati chitsotso, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Pa anthu napo zili chimodzimodzi: bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2014 linapeza kuti mabala a opaleshoni omatidwa ndi guluu ankatsekuka kawirikawiri kuposa osokedwa.

Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri ntchito yolimbana ndi chiwewe. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre, ndipo cholinga chimakhala kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse kuti matendawa aleke kufala. Pambali pa katemera, mabungwe osamalira nyama amathenanso agalu aamuna ndi kutseka aakazi. M'mayiko ambiri galu wochitidwa opaleshoni yotere amabwerera kumudzi asanapole, ndipo n'kutheka kuti dokotala sadzamuonanso. Anthu ongodzipereka amene amayendera agaluwa akaona utoto wabuluu pamimba asaupale kapena kuupaka mafuta, chifukwa mafuta amafewetsa guluu. Chofunika kuyang'ana ndi kutupa, mafinya, fungo kapena chilonda chimene chayasama.

Bala la munthu wolumidwa ndi galu ndi nkhani ina. Mano a galu amalowetsa malovu ndi tizilombo mkati mwa mnofu, ndipo kutseka bala lotere ndi guluu, kaya wachipatala kaya supa guluu wapagolosale, n'kutsekera tizilomboto momwemo. Bungwe la WHO limalangiza kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kuthirapo mankhwala opha tizilombo ngati ayodini, ndi kutumiza wolumidwayo kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe katemera wa chiwewe. Ngati bala ndi lalikulu moti n'kosatheka kulisiya lotseguka, dokotala amayamba wabaya immunoglobulin m'balamo ndi m'mbali mwake, n'kudikira maola angapo, kenako amasoka motalikirana kuti madzi oipa azitha kutuluka.