Methyleugenol

Methyleugenol ndi mankhwala amadzimadzi onunkhira ngati clove, amene amathiridwa m'zakudya, mu sopo ndi m'mafuta onunkhiritsa, ndipo atayesedwa pa nyama anapezeka kuti amayambitsa khansa.

Mwachilengedwe amapezeka m'mafuta a zomera monga basil, nutmeg ndi duwa la rozi, koma amapangidwanso ku fakitale kuchokera ku eugenol. Fomula yake ndi C11H14O2. Alimi a mango amawaika m'misampha chifukwa amakopa ntchentche zamphongo zowononga zipatso.

Kafukufuku wamkulu anachitidwa ndi bungwe la National Toxicology Program ku United States, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2000. Makoswe a mtundu wa F344/N ndi mbewa za B6C3F1 zinkamwetsedwa mankhwalawa kudzera m'kachubu kofika m'mimba, masiku 5 pa sabata kwa zaka 2, pa mlingo wa mamiligalamu 37, 75 kapena 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Zotupa za m'chiwindi zinachuluka mwa nyama zamphongo ndi zazikazi zomwe, ndipo makoswe anapezekanso ndi zotupa m'chifu. Chiwindi chimasandutsa mankhwalawa kukhala 1'-hydroxymethyleugenol, amene akasinthikanso amamatirira ku DNA n'kuiwononga.

Mu 2018, bungwe la FDA la ku United States linaletsa kuthira methyleugenol wopangidwa ku fakitale m'zakudya, potsatira lamulo la Delaney Clause la 1958 lokana chothira chilichonse choyambitsa khansa pa nyama. Mu 2023, bungwe la IARC linawakweza kuchoka m'gulu 2B kupita mu 2A pa mndandanda wake wa zinthu zimene zingayambitse khansa.

Mankhwala ofanana nawo ndi safrole ndi estragole.