Kasamalidwe ka Zinyalala Zotulutsa Cheza Choopsa M'mayunivesite

Mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito mankhwala otulutsa cheza choopsa pofufuza za matenda, mbewu ndi nthaka. Kafukufuku akatha pamatsala magolovesi, mabotolo, madzi otsukira ziwiya ndi makina akale, zomwe siziyenera kutayidwa kudzala wamba. Cheza chimenechi sichioneka, sichinunkha, ndipo moto suchithetsa. Chimangochepa chokha m'kupita kwa nthawi.

N'chifukwa chake zinyalalazi amazipatula potengera nthawi imene mphamvu yake imatenga kuti itsike ndi theka. Phosphorus-32 amatenga masiku 14, iodine-125 masiku pafupifupi 60, cobalt-60 zaka zoposa 5, pomwe carbon-14 amatenga zaka 5,730.

Zofooka msanga amaziika m'zigubu zolembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku, n'kuzitsekera m'chipinda chapadera. Kawirikawiri amadikira kuti mphamvuyo itsike ndi theka kakhumi, pamene imatsala yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000. Kwa phosphorus-32 imeneyi ndi miyezi pafupifupi isanu. Akayeza ndi makina n'kupeza kuti cheza chazilala, amachotsa zizindikiro zochenjeza n'kutaya zinyalalazo monga zina zonse za m'labotale.

Zokhalitsa, makamaka zotsekeredwa m'makina, yunivesite siizitaya yokha: imazibweza kwa amene anaigulitsa kapena kuzipereka kumalo ovomerezeka ndi boma. Ku South Africa, bungwe la Necsa limasunga zoterezi ku Pelindaba, ndipo ku Vaalputs, m'chigawo cha Northern Cape, akhala akukwirira zinyalala za nyukiliya chiyambire 1986.

Ngozi yaikulu imabwera pamene chipangizo chaiwalika. M'chaka cha 2010, University of Delhi ku India inagulitsa ngati chitsulo chakutha makina okhala ndi cobalt-60 amene anasiya kugwira ntchito kalekale. Ogula zitsulo ku Mayapuri anawaphwasula osadziwa za m'kati mwake. Munthu mmodzi anamwalira ndipo ena angapo anadwala kwambiri.

Pofuna kupewa zotere, mayiko a m'chigawo chino anakhazikitsa malamulo ndi mabungwe opereka ziphaso: Zimbabwe m'lamulo la 2004, Zambia m'lamulo la 2005, ndipo Malawi m'lamulo la 2011. Komabe udindo woyamba ndi wa yunivesite yeniyeniyo. Imayenera kukhala ndi mkulu woona za chitetezo ku cheza, komanso kaundula wosonyeza chilichonse chimene chinalowa, pamene chili, ndi kumene chinapita, kuti mphunzitsi akapuma pantchito, otsala adziwe zimene zili m'nkhokwe.