Kuchokera pa tirigu wa ku Egypt kufika pa mizere iwiri: mbiri ya kudziwa pakati

Kale m'midzi mwathu, mtsikana wongolowa kumene m'banja nthawi zambiri sankakhala woyamba kudziwa kuti waima. Ankayamba kuona ndi agogo ake kapena apongozi. Ankaona kuti mwanayo wayamba kulavula malovu pafupipafupi, akusinza dzuwa lili paliwombo, fungo la usipa likumuchititsa nseru, mawere adzadza ndipo nsonga zake zada. Wina ankayamba kudya dothi la pachulu. Akuluakulu akatsimikiza, ankaitana anamkungwi kuti akonze mwambo wa chisamba, womulanga za mimba yake yoyamba. Maso a amayiwo anali akuthwa, koma ankafuna miyezi ingapo kuti atsimikize, ndipo nthawi zina ankaphonya. Msambo umalekanso chifukwa cha njala, matenda kapena kuyamwitsa, ndipo nseru imabweranso ndi malungo. N'chifukwa chake anthu a mitundu yonse akhala akusaka umboni woposa maso.

Umboni wakale kwambiri wolembedwa unachokera ku Egypt. Mipukutu ya gumbwa ya zamankhwala, yolembedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo, imalangiza mayi kuti azikodzera tirigu ndi barele tsiku ndi tsiku. Mbewu zikamera, ali ndi pakati. Akamera barele abereka mwamuna, akamera tirigu abereka mkazi. Zikumveka ngati nthano, koma mu 1963 akatswiri anaziyesa ndipo anapeza kuti mkodzo wa amayi oyembekezera unameretsa mbewuzo pafupifupi ka 70 pa 100, pamene wa abambo ndi wa amayi opanda pakati sunameretse. Zonena za mwamuna kapena mkazi zinali zongopeka. Komabe anthu aja anali atalunjika pamalo oyenera: yankho linalidi mumkodzo.

Amene anabwera pambuyo pawo sanapite patali. Ku Greece, mabuku a Hippocrates ankati mayi amwe madzi osakaniza ndi uchi pogona, ndipo m'mimba mukapota ndiye kuti waima. Ku Ulaya kunali asing'anga omwe ankathira mkodzo m'botolo, n'kumauyang'ana padzuwa kapena kuusakaniza ndi vinyo. Chimene aliyense ankachikhulupirira chinali kutakataka kwa mwana m'mimba, komwe mayi amakumva pakati pa sabata 16 ndi 20. Ngakhale icho chinkanamiza. Mfumukazi Mary I ya ku England, itakwatiwa mu 1554, inaleka kusamba, inamva nseru, mimba inakula, ndipo inanena kuti yamva mwana akusewera. Mu April 1555 inalowa m'chikuta ku Hampton Court, ndipo mabelu analira mu London pa mphekesera yoti mwana wabadwa. Inadikira mpaka July, mimba n'kuphwa. Munalibe mwana, ndipo madokotala onse a kunyumba yachifumu analibe njira yodziwira zimenezo.

M'zaka za m'ma 1800 madokotala anayamba kulemba mwadongosolo zimene azamba ankazidziwa kale. Mu 1818 François Mayor wa ku Geneva anagunditsa khutu pamimba ya mayi n'kumva mtima wa mwana. Mu 1837 William Montgomery wa ku Dublin analemba buku lonse la zizindikiro za pakati, ndipo timatuza tomwe timatuluka mozungulira nsonga ya bere timadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Mu 1886 James Chadwick wa ku Boston anafotokoza za kusintha kwa mtundu wa njira ya abambo ndi khomo la chiberekero. Kalipenga kaja anamwino amakaika pamimba kusikelo anakapanga ndi Adolphe Pinard wa ku France mu 1895. Koma kalipengako kamamva mtima pakati patafika miyezi isanu, pamene mudzi wonse waona kale.

Zinthu zinasinthira ku Berlin mu 1927. Selmar Aschheim ndi Bernhard Zondek anapeza kuti mumkodzo wa mayi woyembekezera muli homoni yomwe lero timaitcha hCG. Imapangidwa ndi timaselo tomwe timadzakhala nsengwa, dzira likangokhazikika m'chiberekero, ndipo m'masabata oyamba imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse. Vuto linali loti panalibe makina oionera. Iwo ankabaya mkodzowo mbewa zazikazi zisanu zosakhwima, n'kudikira masiku anayi kapena asanu, kenako n'kuzipha kuti aone ngati mabasiketi a mazira atupa. Mu 1931 Maurice Friedman wa ku Pennsylvania anasintha n'kumagwiritsa ntchito akalulu. Yankho linkafulumirako, koma kalulu aliyense ankafa, mayi akhale ndi pakati kapena ayi.

Amene anapulumutsa mbewa ndi akalulu anali chule wa kuno kummwera kwa Africa. Ndi chule uja wophwatalala, woterera, wa tizikhadabo takuda kumiyendo yakumbuyo, yemwe sachokachoka m'madzi, ndipo akatswiri amamutcha Xenopus laevis. Pa yunivesite ya Cape Town, Lancelot Hogben anaona mu 1930 kuti chule wamkazi akabayidwa mahomoni amaikira mazira ngakhale si nyengo yake. Mu 1933 Hillel Shapiro ndi Harry Zwarenstein a pa yunivesite yomweyo anaonetsa kuti mkodzo wa mayi woyembekezera umachitanso chimodzimodzi. Ankabaya chule madzulo, m'mawa n'kupeza mazira ali mbwee m'botolo. Chuleyo sankaphedwa. Ankapuma masabata angapo n'kubwereranso pantchito. Atatuwa anakanganirana kwa zaka zambiri za mwini nzeruyo, koma dzina lomwe linatchuka ndi la Hogben. Achule zikwizikwi anatumizidwa kuchokera ku South Africa kupita ku Ulaya ndi ku America, ndipo madokotala a ku Britain ankatumiza mkodzo pa positi ku Edinburgh kuti ukayezedwe. Chodandaulitsa n'chakuti amayi a kumene chuleyo ankachokera ndi amene sanapindule naye kwenikweni.

Achule anapuma ntchito m'zaka za m'ma 1960, Leif Wide ndi Carl Gemzell a ku Sweden atapeza njira yoonera hCG m'kabotolo popanda nyama. Komabe yankho linkadzera kwa dokotala. Amene anaona kuti si bwino anali Margaret Crane, mayi wojambula mapaketi pa kampani ya Organon ku New Jersey, yemwe sanali wasayansi n'komwe. Mu 1967 anaona timabotolo toyezera titandandalika n'kudzifunsa chifukwa chimene mayi sangadziyezere yekha kunyumba. Mabwana ake poyamba anakana. Chipangizo chake, Predictor, chinayamba kugulitsidwa ku Canada mu 1971, ndipo chinkatenga maola awiri. Kandodo kongokodzera, kopereka yankho m'mphindi zitatu, kanatuluka ku Britain mu 1988.

Lero kachipangizo ka mizere iwiri kamapezeka m'mafamase ndi m'zipatala zathu, ndipo kamatha kuona pakati msambo ukangodumpha. Mkodzo wam'mawa ndiwo wabwino. Kakaonetsa mzere umodzi koma msambo osabwerabe, yezaninso pakatha sabata. Kamathandiza kwambiri mayi woyamwitsa kapena amene anali pa jakisoni wolera, yemwe alibe msambo woti awerengere.

Chatsala ndi mwambo wobisa mimba mpaka itaonekera, poopa anthu a maso oipa kapena manyazi ikachoka. Mantha amenewa ndi omveka, koma akutichedwetsa. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi ayambe sikelo m'masabata 12 oyamba, pamene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ku Malawi ndi mayi mmodzi yekha mwa anayi amene ankayamba m'miyezi itatu yoyamba. Msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'mwezi woyamba. Mapiritsi oonjezera magazi, neti, kuyezetsa HIV ndi chindoko, zonsezi zimathandiza kwambiri zikayamba msanga. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero, yomwe imadziwika ndi kupweteka mbali imodzi ndi kudontha magazi, imatha kupha mayi mimba isanaoneke n'komwe.

Inu apongozi ndi anamkungwi, ngati mukufuna kubisa, bisirani anansi. Koma mukangoona zizindikiro, mtengeni mwanayo mupite naye kusikelo sabata yomweyo.