Mlandu wa Mapale a Golide

M'mwezi wa Malichi 1830, m'kamzinda ka Palmyra m'chigawo cha New York ku America, wosindikiza mabuku wotchedwa E. B. Grandin adatulutsa makope 5,000 a Buku la Mormon, limene ndalama zake zosindikizira, madola 3,000, zidapezeka pamene mlimi wina wopata bwino, Martin Harris, adapereka munda wake kukhala chikole. Ndipo pa 6 Epulo chaka chomwecho Joseph Smith, mwana wa alimi osauka, ali ndi zaka 24 zokha, adakhazikitsa mpingo umene lero udziwika ndi dzina loti Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza. Mwiniwakeyo adanena kuti mu 1823 mngelo Moroni adamuonetsa mapale a golide okwiriridwa m'phiri pafupi ndi kwawo, olembedwa mbiri ya Aisraeli amene adachoka ku Yerusalemu zaka ngati 600 Khristu asanabadwe nawolokera ku America. Kuti adawalandira mu 1827, nawamasulira ndi mphamvu ya Mulungu. Ndiponso kuti ntchito itatha adawabwezera kwa mngelo uja. Popeza mapalewo palibe amene angawapime lero, mlandu wonse watsamira pa mawu a mboni ndi pa mapepala akale. Ndipo monga amanenera akuluakulu kuti mlandu suwola, mapepala amenewa akhala akutulukira limodzilimodzi kudzatsutsa, tsiku lina otsutsa, tsiku lina okhulupirira.

Oyamba kukana bukuli sadagwirizane okhaokha. Alexander Campbell, mlaliki wotchuka wa nthawiyo, adalemba mu 1831 kuti mlembi wake ndi Smith mwini, pakuti aneneri akale a m'bukumo amaweruza mikangano yomweyo imene inkavuta matchalitchi a ku New York m'zaka zimenezo, monga ya ubatizo wa makanda. Koma ena, poona kuti mnyamata wosaphunzira kwambiri sakadatha kulemba masamba oposa 500, adafunafuna mlembi wobisika. Philastus Hurlbut, amene adachotsedwa mumpingomo mu 1833, adayenda nasonkhanitsa maumboni a anthu onena kuti adamvapo nkhani yofanana nayo m'nthano yosasindikizidwa ya Solomon Spalding, yemwe adamwalira mu 1816. Ndipo Eber D. Howe adafalitsa maumboniwo mu 1834 m'buku lake Mormonism Unvailed, naganizira kuti mlaliki Sidney Rigdon ndiye adatenga nthanoyo naithira zachipembedzo. Kwa zaka makumi asanu ambiri adakhulupirira zimenezi ngati choonadi chosakayikitsa, kufikira mu 1884 pamene zolemba za Spalding zidapezeka ku Honolulu pakati pa mapepala a L. L. Rice, ndipo amene adaziwerenga adaona kuti ndi nthano ya Aroma amene ngalawa yawo idasokera kufika ku America, yopanda mayina a m'Buku la Mormon. Alipo ndithu amene amati kudali zolemba zina zachiwiri zimene zidatayika. Koma popeza palibe umboni wolimba wakuti Rigdon adakumana ndi Smith mwezi wa Disembala 1830 usanafike, buku litatuluka kale, ngakhale Fawn Brodie, amene adalemba mbiri ya Smith mu 1945 mosamukhulupirira konse, adakana nkhani ya Spalding.

Funso lolemera kuposa limeneli lidadza ndi buku la mbusa Ethan Smith, wa ku Poultney m'chigawo cha Vermont, lotchedwa View of the Hebrews, la mu 1823, limene lidaphunzitsa kuti eni dziko la America adachokera ku mafuko otayika a Israeli, ganizo limene lidali lofala m'masiku amenewo. Ndipo banja la Oliver Cowdery, yemwe adalembera Smith gawo lalikulu la bukuli pakati pa Epulo ndi Juni 1829, lidakhalapo m'mudzi womwewo. B. H. Roberts, mkulu wa mpingo ndi wolemba mbiri yake, adasanthula kufanana kwa mabuku awiriwa cha m'ma 1920, ndipo zimene adalemba sizidasindikizidwe kufikira 1985. Otsutsa amaonapo gwero. Okhulupirira amayankha kuti kusiyana kwake n'kochuluka kuposa kufanana, ndi kuti palibe mboni idaona Smith ali ndi buku limenelo m'manja.

Tsono pepala limene lidavutitsa okhulupirira lidatuluka m'chipinda chapansi cha ndende ya ku Norwich m'chigawo cha New York mu 1971, pamene mbusa Wesley Walters wa mpingo wa Presbyterian adapeza kalata ya woweruza Albert Neely yolipitsa ndalama za milandu ya mu 1826, imene itchula Joseph Smith monga woyang'ana m'mwala. Kudali mwambo pakati pa alimi a chigawocho wofuna chuma chokwiriridwa mwa kuyang'ana m'timiyala tina, ndipo mu 1825 Josiah Stowell adalemba Smith ntchito yotere. Za chigamulo cha mlanduwo olemba mbiri amatsutsanabe, koma zakuti mlandu udalipo sizikanidwanso. Ndiponso Emma, mkazi wa Smith, ndi David Whitmer, mmodzi wa mboni za mapalewo, adasimba kuti pomasulira bukuli Smith ankaika mwala m'chisoti, naphimba nkhope yake m'menemo, nanena mawu oti mlembi alembe. Zithunzi za mpingo zidazolowera kumuonetsa akuwerenga pa mapale. Koma mu 2013 mpingo udalongosola poyera za mwala ndi chisoti, ndipo mu 2015 udafalitsa chithunzi cha mwalawo.

Chimodzimodzinso ndi masomphenya oyamba. Nkhani imene mpingo umaphunzitsa, yolembedwa mu 1838, imati m'chaka cha 1820 mnyamatayo, atasokonezeka ndi kulimbana kwa matchalitchi, adakapemphera m'nkhalango naona Atate ndi Mwana, amene adamuuza kuti asalowe mpingo uliwonse. Koma mu 1965 idadziwika nkhani ina, yolembedwa ndi dzanja la Smith mwini mu 1832, imene itchula Ambuye yekha, ndipo mtima wake uli pa kukhululukidwa kwa machimo. Walters adaonjeza kuti chitsitsimutso chachikulu cha ku Palmyra chidachitika mu 1824 ndi 1825, osati mu 1820. Olemba mbiri okhulupirira Milton Backman ndi Richard Bushman adayankha kuti misonkhano ya chitsitsimutso idaliko m'madera oyandikana cha m'ma 1819 ndi 1820, ndi kuti munthu aliyense amasimba chinthu chimodzi mosiyanako kwa omvera osiyana. Kulemera kwa mkanganowu kuli pa chiphunzitso: pakuti maphunziro otchedwa Lectures on Faith a mu 1835 adanena za Atate monga munthu wauzimu, pamene mu 1843 Smith adaphunzitsa kuti Atate ali ndi thupi la mnofu ndi mafupa, ndipo chimene wina achitcha kusintha kwa nkhani, mnzake achitcha vumbulutso lodza pang'onopang'ono.

Nanga mboni? Amuna atatu, Cowdery, Whitmer ndi Harris, adachitira umboni kuti mngelo adawaonetsa mapalewo, ndipo ena asanu ndi atatu adati adawagwira ndi manja. Atatu aja onse adapatukana ndi Smith m'zaka za 1837 ndi 1838, ndipo Whitmer sadabwererenso. Komabe palibe mmodzi wa iwo amene adafafaniza umboni wake wosindikizidwa, chinthu chimene otsutsa amavutika kuchilongosola. Kumbali inayo, pafupifupi onse khumi ndi mmodzi adali abale, alamu kapena abwenzi apamtima a mabanja a Smith ndi Whitmer, ndipo anthu ena adasimba kuti adamva Harris akunena kuti adaona ndi maso auzimu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene adaiwala mwambi umenewu adachita manyazi mu 1984, pamene munthu wina dzina lake Mark Hofmann adagulitsa kalata yooneka ngati yakale, yonena kuti chimene chidalonda mapalewo chidali kabuluzi koyera. Akatswiri ena adaivomera, okhulupirira ena adayamba kuifunira tanthauzo labwino, otsutsa ambiri adakondwa; koma Jerald Tanner, wotsutsa mpingowo kwa zaka zambiri, ndiye adayamba kuikayikira poyera. Mu Okutobala 1985 Hofmann adapha anthu awiri ndi mabomba pofuna kubisa chinyengo chake, ndipo pambuyo pake adavomera kuti kalatayo adaipeka yekha.

Potero wolemba mbiri angathe kunena molimba mtima kuti mawu awa adalembedwa chaka chakuti, ndi kuti pepala ili n'loona ndi ilo n'lachinyengo. Angathe kuchotsa Spalding pa bwalo, ndi kubwezeretsa mwala ndi chisoti pamalo pake m'nkhaniyi. Koma ngati mngelo adaimadi m'chipinda cha mnyamata uja, limenelo ndi funso limene bwalo la mapepala lilibe mphamvu yoligamula, ndipo mbali iliyonse imene inena kuti mapepala aigamulira mlandu wonse ikunena zoposa zimene mapepalawo anena.