Mutare ndi Malamulo a pa Nyanja ya Mcere

Mzinda wa Mutare, umene kale unkachedwa Umtali, uli pakati pa mapiri, ndipo palibe combo cimene cinakocezapo. Koma mbiri yace itionetsa kuti cuma cace catsamira pa malamulo a pa nyanja ya mcere, imene ili ku Beira, ulendo wa makilomita ngati 300.

M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti katundu wa kumtunda azipita ku nyanja kudzera m'dziko la Mozambique, ndi kuti msonkho wace usapitirire magawo 3 pa 100. Anapangananso za njanji. Popeza njanjiyo sikadatha kukwera mapiri kufikira ku mudzi woyamba, mudziwo ndiwo unasamuka m'caka ca 1896, ndipo sitima inafika m'caka ca 1898. Malonda anakula, ndipo anthu ambiri, a ku Nyasaland omwe, anadza kudzafuna nchito.

Koma akulu amati wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe. M'caka ca 1965 nyumba yoyengera mafuta inatsegulidwa pa Feruka, ndipo mafutawo ankadza ndi mpope kucokera ku Beira. M'November caka comweco Ian Smith anapandukira Britain. M'April 1966 bungwe la United Nations linalola zombo za nkhondo za Britain kuletsa mafuta a Rhodesia kulowa pa Beira, ndipo zinalonda mpaka 1975. Makina a pa Feruka anaima m'caka ca 1966, osayenganso mafuta kufikira lero. Taonani, lamulo la pa madzi linazimitsa moto kumapiri.

M'caka ca 1982 maiko anagwirizana pangano la malamulo a pa nyanja ku Montego Bay, ndipo linayamba kugwira nchito m'caka ca 1994. Panganoli lipatsa maiko opanda gombe, monga Zimbabwe, Malawi ndi Zambia, ufulu wofika ku nyanja. Lilamulanso maiko onse kuletsa zonyansa zocokera kumtunda kuti zisaononge nyanja.

Apa mpamene pali udindo wathu. Mtsinje wa Pungwe ucokera m'mapiri a Nyanga, upatsa Mutare madzi akumwa, nukathira m'nyanja pa Beira. Okumba golidi akavundula mtsinje ndi kutayamo mankhwala, matope ndi ululu zitsika kumene nsomba ziswana, ndipo asodzi a ku Sofala ndiwo asauka. Cifukwa cace m'caka ca 2016 Zimbabwe ndi Mozambique anapangana kusamalira madzi a Pungwe pamodzi.

Tsono, abale, doko limene litilandirira mafuta ndi feteleza lili pa mathiriro a mtsinje umene timwako. Ngati tifuna kuti anansi athu atisungire njira, ifenso tiwasungire madzi. Tsalani bwino.