Chikuku ndi Katemera ku Mulanje

M'chaka cha 2010 mliri wa chikuku unagwa m'dziko lathu lino. Odwala anapitirira 130,000, ndipo akufa anaposa 300. Kuno ku Mulanje anthu a mpingo wina anakaniza ana awo katemera, nati mankhwala awo ndi pemphero lokha, kufikira apolisi analowererapo.

Tsono tisawayese amodzi anthu amenewa ndi aja amene dokotala yemwe amawaletsa katemera. Pakuti katemera wa chikuku ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, sapatsidwa kwa mayi wapakati, kapena kwa mwana amene matenda ena amufooketseratu thupi. Oterewa sanachite kusankha. Linga lawo ndi anansi olandira katemera. Pamene mpingo uja unakana, iwowa ndiwo anatsala pambalambanda, pamodzi ndi makanda osafika msinkhu wa katemera.