Muzu wa Black Cohosh ndi Mbiri ya Mankhwala a Amai Oleka Kusamba

1.0 Mau Oyamba

Mai aliyense amene wakhalitsa ndi moyo amafika pa msinkhu woleka kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Ena amadutsa nyengoyi mosavutika, koma ambiri amamva kutentha kwa thupi kobwera mwadzidzidzi, amatuluka thukuta usiku, ndipo amasowa tulo. Pa mankhwala azitsamba amene amagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America ndi lonjezo lothetsa mavuto amenewa, ochuka kwambiri ndi muzu wa comera cochedwa black cohosh. M'nkhani ino tilondola mbiri ya muzuwo pa zaka 200 zapitazi. Mfundo yathu ndi yakuti kuchuka kwake kwatsata kwambiri mau amene anthu anali kuchulira nyengoyi ndi mankhwala ake, kuposa umboni wakuti umaciritsa. Pa cifukwa cimeneci nkhaniyi ikukhudza ife a zinenero.

2.0 Dzina la Nyengo

Liu lakuti ménopause linapangidwa ndi dotolo wa ku Paris, Charles-Pierre-Louis de Gardanne. M'buku lake la mu 1816 analemba ménespausie, ndipo mu 1821 analifupikitsa kukhala ménopause. Analumikiza mau awiri a Cigiriki, limodzi lotanthauza mwezi, lina lotanthauza kuleka. Mphunzitsi wa Cinyanja adzaona msanga kuti ganizoli siliri kutali ndi lathu, pakuti ifenso timati mkazi ali kumwezi. Kale Afalansa ankachula nyengoyi kuti msinkhu woopsa, ndipo Angelezi ankati kusintha kwa moyo. Dzina la Cigiriki linaika nyengoyi m'mabuku a madotolo pamodzi ndi maina a matenda, ndipo cinthu cikalowa m'ndandanda wa matenda anthu amayamba kucifunira mankhwala.

3.0 Muzu wa m'Nkhalango za ku America

Black cohosh imamera m'nkhalango za kum'mawa kwa North America. Eni dziko, monga a Cherokee ndi a Iroquois, ankagwiritsa nchito muzu wake pa nyamakazi ndi pa zowawa zina, kuphatikizapo za amai. Liu lakuti cohosh linacokera m'zinenero za banja la Algonquian. Linnaeus anachula comeraci Actaea racemosa mu 1753. Pambuyo pake cinaikidwa m'gulu la Cimicifuga, dzina la Cilatini lotanthauza cothamangitsa nsikidzi, ndipo mu 1998 akatswiri a zomera anacibwezera ku Actaea. Mu 1820 muzuwu unalembedwa m'buku loyamba la mankhwala ovomerezeka ku United States. Motero nzeru ya eni dziko inalowa m'manja mwa madotolo acizungu, ndipo posakhalitsa inafika kwa amalonda.

4.0 Botolo la Mai Pinkham

Amene anachukitsa muzuwu pakati pa amai ndi Mai Lydia Pinkham a ku Lynn, m'cigawo ca Massachusetts. Cuma ca amuna awo citagwa m'mavuto a zacuma a mu 1873, banjali linayamba mu 1875 kugulitsa mankhwala amene maiwa ankaphika pakhomo, ndipo linawacha Vegetable Compound. M'botolomo munali black cohosh, mizu ina ingapo, ndiponso mowa waukali wokwana pafupifupi magawo 18 mpaka 20 pa 100, ngakhale kuti Mai Pinkham anali m'gulu lodana ndi zoledzeretsa.

Mphamvu ya malondawa inali m'mau. Liu lakuti vegetable, ndiko kuti zocokera ku zomera, linatsimikizira ogula kuti m'botolomo mulibe zoopsa zimene madotolo a nthawiyo ankapereka, monga mtovu ndi mercury. Kuyambira mu 1879 pa botolo panali nkhope ya Mai Pinkham, yooneka ngati ya agogo odalirika, ndipo amai ankapemphedwa kuwalembera kalata zofotokoza mavuto amene ankacita nawo manyazi kuuza dotolo wamwamuna. Maiwa anamwalira mu 1883, koma kampani inapitiriza kuitana makalata ngati kuti akali moyo, kufikira magazini ya Ladies' Home Journal inasindikiza cithunzi ca manda awo mu 1905. Lamulo la Pure Food and Drug Act la mu 1906 linakakamiza ogulitsa kulemba pa botolo kucuruka kwa mowa umene unalimo.

Sitiyenera kuseka amai amene ankagula botololi. Anapeza m'malondawo cimene cipatala cinkawamana, ndico munthu wowamvera m'cinenero cimene iwo ankalankhula.

5.0 Mahomoni ndi Kubwerera kwa Zitsamba

Mu 1929 Edward Doisy ku America ndi Adolf Butenandt ku Germany, aliyense payekha, anapatula homoni ya estrone mu mkodzo wa amai oyembekezera. Mu 1942 boma la United States linavomereza mankhwala a Premarin, amene dzina lake ndi cidule ca mau a Cingelezi otanthauza mkodzo wa akavalo aakazi okhala ndi bere. Pano tiona kufooka kwa liu lakuti zacilengedwe, pakuti mankhwala acipatalawa nawonso anacokera m'thupi la nyama. Mu 1966 dotolo Robert Wilson, m'buku lake Feminine Forever, anachula kuleka kusamba kuti matenda a kuperewera kwa mahomoni, ndipo amai mamiliyoni anayamba kumwa estrogen.

Mantha anabwera kawiri. Mu 1975 kafukufuku anaonetsa kuti estrogen yomwedwa yokha imaonjezera ngozi ya khansa ya m'ciberekero. Mu July 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative, wa amai 16,608, anaimitsidwa nthawi yake isanakwane ataona kuti estrogen yophatikiza ndi progestin inaonjezera khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi. Amai ambiri anataya mapiritsi natembenukira ku zitsamba. Black cohosh inali itadikira kale, pakuti ku Germany inkagulitsidwa kuyambira mu 1956 m'dzina lakuti Remifemin. Tsopano liu lakuti zacilengedwe linatanthauza cinthu cimodzi cokha m'makutu a ogula: zopanda mahomoni a kucipatala, coteronso zopanda ngozi.

Soya nayenso analowa pa msika pa njira yofanana. Margaret Lock, m'buku lake Encounters with Aging la mu 1993, anaonetsa kuti amai a ku Japan odandaula za kutentha kwa thupi anali ocepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Canada ndi United States, kumene anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Anaonetsanso kuti liu lawo lakuti kōnenki limachula nyengo yaitali ya kusintha kwa thupi lonse, ndipo Cijapani cinalibe liu limodzi lapadera la kutentha kumeneku. Iye anaunika cinenero, cikhalidwe ndi thupi pamodzi. Amalonda anatolapo cakudya cokha.

6.0 Zimene Kuyesa Kunaonetsa

Mu 2006 kafukufuku wa ku America wa amai 351, amene anatenga caka cathunthu, anapeza kuti black cohosh sinacepetse kutentha kwa thupi kuposa mapiritsi opanda mankhwala, pamene mahomoni anacepetsa kwambiri. Mu 2012 bungwe la Cochrane linasanthula mayeso 16 a amai 2,027 ndipo linati umboni wocirikiza muzuwu ngosakwanira. Mu 2006 momwemo oyang'anira mankhwala ku Britain ndi ku Ulaya anacenjeza kuti muzuwu ungathe kuvulaza ciwindi mwa anthu ena. Kusanthula kwatsopano kwa zotsatira za mu 2002 kwaonetsanso kuti kwa amai ambiri osafika zaka 60 ubwino wa mahomoni umaposa kuipa kwake. Amai ambiri amene amamwa muzuwu amamvadi bwino, koma oyesedwa ndi mapiritsi opanda kanthu nawonso amamva bwino, ndipo kutenthako kumacepa kokha pakapita zaka.

7.0 Mau Otsiriza

Mbiri imeneyi iri ndi phunziro kwa ife amene timamasulira timabuku ta zaumoyo ndi kukonza mau atsopano a m'sukulu. Coyamba, Cinyanja ciri kale ndi mau ake, kuleka kusamba, amene sanena za matenda. Pa cikhalidwe ca Acewa, monga J. W. M. van Breugel anafotokozera m'buku lake Chewa Traditional Religion la mu 2001, anthu amagawidwa kukhala otentha ndi ozizira pa nkhani ya mdulo, ndipo nkhalamba zimawerengedwa zozizira pamodzi ndi ana. Mai woleka kusamba amamasuka ku mwambo woletsa kuthira mcere m'ndiwo ali kumwezi. Womasulira akalemba kuti mai wotere akutentha, ayenera kudziwa kuti liulo liri ndi katundu wina m'makutu a omvera, ndipo afotokoze bwino kuti akunena za thukuta ndi kufunda kwa khungu, kuti mai wovutika athe kuchula vuto lake kucipatala mopanda manyazi.

Caciwiri, liu lathu lakuti mankhwala limachula zociritsa ndi zakupha zomwe, monga timanenera mankhwala a malungo ndi mankhwala a makoswe. Makolo athu ankadziwa kuti muzu ungapulumutse ndiponso ungaphe, malinga ndi muyeso wake. Tikamasulira liu la amalonda lakuti zacilengedwe ngati kuti litanthauza zosavulaza, tidzakhala titalowetsa m'cinenero cathu lonjezo limene botolo la Mai Pinkham linapereka mu 1875, ndipo amene adzalipire mtengo wake ndi amai athu.